Kodi malo akale amawayesa bwanji mtengo?

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi onse a kunyumba. Kuno tilipo ndithu. Kalata yako ndinailandira, ndipo funso lomwe unaponya kumapeto lija landikhala m'mutu: kodi akatswiri amadziwa bwanji kuti mabwinja, kachisi wakale kapena phanga la zojambula za makolo n'zamtengo wanji kwa alendo odzaona? Iwe unati mwina amangowerenga matikiti. Ayi mnzanga, za pakhomo ndi kagawo kochepa chabe.

Taganizira tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris. Kulowa m'tchalitchimo n'kwaulere, ndiye wowerenga matikiti akhoza kulemba kuti palibe chimene chimapindula. Koma chitapsa pa 15 April 2019, anthu pafupifupi 340,000 a m'maiko 150 anasonkha ma euro oposa 840 miliyoni kuti chikonzedwe, mpaka chinatsegulidwanso mu December 2024. Anthuwo ankachiwerengera kale tchalitchicho, kungoti panalibe amene anawafunsapo.

Njira yoyamba yoyesera inachokera m'kalata ngati inoyi. Mu 1947 katswiri wa zachuma Harold Hotelling analembera bungwe loyang'anira mapaki ku America, la National Park Service, n'kuwauza kuti ayang'ane ulendo wa mlendo. Munthu amene walipira basi kapena ndege, walipira pogona, wasiya ntchito masiku angapo, ndiye kuti malowo akuwaona kuti aposa zonse wawonongazo. Kupanda apo akanangokhala kwawo. Choncho ofufuza amaima pakhomo ndi pepala m'manja, n'kumafunsa aliyense wotuluka: mwachokera kuti, mwayenda pa chiyani, mwabwera kangati chaka chino? Akasanja mayankhowo zimaoneka kuti ulendo ukamakwera mtengo obwera amachepa. Kachepedwe kameneko ndi kamene kamawauza ndalama zimene mlendo akanalolerabe kuwonjezera pamwamba pa zomwe walipira, ndipo kusiyana kumeneko ndilo phindu limene mlendo amapita nalo osalilipira. Nzeruyi ndimaikonda chifukwa imayang'ana zimene munthu wachitadi. Imavuta pamene munthu anabwera kumsonkhano wa kuntchito n'kungopatukira kumabwinjako masana amodzi. Ndalama ya ndege yonse ija uiika pa chiyani?

Njira yachiwiri n'kufunsa maso ndi maso: mungalolere kupereka zingati kuti malo awa asawonongeke? Katswiri wa zachuma Robert Davis anaiyesa mu 1963 pa nkhalango za ku Maine. Ubwino wake ndi woti imafikira ngakhale munthu amene sadzapondako phazi, koma mtima wake umakhala pansi podziwa kuti malowo alipo ndipo adzukulu adzawapeza. Koma iwe ukudziwa kuti kulonjeza ndalama imene sudzaitulutsa n'kosavuta. Mkangano wa njirayi unakula ataigwiritsa ntchito poyesa mtengo wa zimene zinawonongeka sitima ya Exxon Valdez itatayira mafuta m'nyanja ku Alaska mu 1989, mpaka mu 1993 gulu lotsogozedwa ndi akatswiri a zachuma Kenneth Arrow ndi Robert Solow linagamula kuti njirayi ikhoza kudalirika pokhapokha pali malamulo okhwima. Munthu afunsidwe pamaso, ayankhe kuti inde kapena ayi pa mtengo wotchulidwa monga amachitira povota, ndipo akumbutsidwe kuti thumba lake lili ndi zofuna zinanso.

Usaganize kuti izi n'zongothera m'mabuku. Ku England boma linkafuna kulowetsa pansi pa nthaka msewu wa A303 umene umadutsa pafupi ndi miyala yakalekale ya Stonehenge. Ofesi younika kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma kumeneko inanena mu 2019 kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a phindu lonse limene linalembedwa pa ntchitoyo anachokera ku mayankho a mafunso otere. Tangoganiza, ntchito yaikulu chonchija kutsamira pa zimene anthu ananena pakamwa! Mu 2024 boma latsopano linaiimitsa ponena kuti ndalama palibe.

Ineyo ndili kumbali ya owerengerawo. Pagome pogawana ndalama za boma, msewu umabwera ndi nambala yake, mgodi ndi yake, damu ndi yake. Malo akale akafika chimanjamanja, amawalemba ngati opanda phindu, ndipo khoma limagwa anthu akuyang'ana. Koma pali chimene chimandipweteka, ndipo ndi chimene ndafuna kwambiri kuti umve. Njira zonse ziwirizi zimayesa kuzama kwa thumba. Wachuma wobwera pa ndege kudzajambula zithunzi ola limodzi amalemera kwambiri pa sikeloyo. Gogo wokhala kuseri kwa phiri, amene amabwera wapansi kudzalankhula ndi makolo ake, ulendo wake sunadye ndalama, ndiye pa pepala amaoneka ngati malowo alibe nawo ntchito. Ukamufunsa kuti angapereke zingati, atchula kandalama kochepa chifukwa ndi kamene ali nako, kapena akhumudwa n'kukana kuyankha, poti manda a makolo satchulidwa mtengo. Pajatu mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wotsala ndi malowo ndi gogo uja.

Ku Australia kuli thanthwe la Uluru, lopatulika kwa anthu a mtundu wa Anangu. Boma linawabwezera umwini wake mu 1985, koma alendo anapitiriza kulikwera ngakhale eni ake ankapempha kuti asatero. Kukwerako kunatsekedwa pa 26 October 2019. Ukanafunsa okwerawo, ambiri akanalolera kulipira kuti apitirize, ndipo nambala ikanakhala kumbali yawo. Ine ndikuona kuti anachita bwino kumvera eni ake.

Unatchula kuti pa tchuthi chikubwerachi ukaona malo ena otere. Akakupatsa pepala la mafunso pakhomo usalikane, uyankhe zoona zokhazokha. Kenaka umufunse wofufuzayo ngati anafikanso m'midzi yozungulira, ndipo udzandilembere zimene akayankhe.

Upereke moni kwa onse kumeneko.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.