Kwa Mwana Wanga Amene Wayamba Kulera

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi akamwini ndi kachidzukulu kanga. Kuno ku Dedza tonse tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chalimba, m'mawa madzi a mumtsuko sakugwirika. Bambo ako akupereka moni, akuti mwanayo akalimba ubwere naye adzamunyamuleko.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni timathamangitsana ndi mayunitsi, komanso mwana akangolira nkhani imadukira pomwepo. Mawu amene unandiuza Lamulungu lija sanandichoke mumtima. Unati, "Amayi, tsiku likumatha ndisanachite kanthu. Kuchapa, kuyamwitsa, kuchapanso, basi kwada. Inu munkatha bwanji ndi ana asanu, n'kumapita kuntchito, n'kumapezanso nthawi yoluka?" Unanena ukuseka, koma ine ndinakubala, ndinamva kuti misozi inali pafupi.

Usanenenso kuti sukuchita kanthu. Mwana uja anabadwa masiku asanakwane, timiyendo tili tating'ono, anamwino kuchipatala cha Chatinkha akumuika pasikelo m'mawa uliwonse. Lero akuyamwa mpaka kugonera pabere, masaya ayamba kutuluka. Wachita zimenezo ndani? Vuto la ntchito yolera ndi lakuti siioneka. Nsima waphika masana, madzulo mbale zili mbee. Thewera wachapa m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu lili m'beseni kachiwiri. Dzuwa likamalowa palibe chimene ungaloze n'kunena kuti ichi ndapanga ndine. Pamene mtima wa munthu umafuna chinthu chotero, ndipo ukachisowa nthawi yaitali munthu amayamba kudziona wachabechabe.

Ine chinthu chimenecho ndinachipeza m'kuluka. Sindinkaluka chifukwa nthawi inali yambiri ayi. Ndinkaluka chifukwa popanda kutero ndikanatopa mtima.

Ukukumbukira mmene tinkakhalira panyumba ya aphunzitsi ija? Ndinkadzuka tambala woyamba, kukoleza moto, kutereka madzi osamba, kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kukudzutsani mmodzimmodzi. Kenako ine ndi choko m'manja mpaka masana. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anadzaza m'makalasi mpaka ena tinkawaphunzitsira pansi pa mtengo, ndipo ndinkabwerera kunyumba mawu atasasa. Pofika ndiye kumjigo, kuchigayo, kudimba kukathirira mpiru, kukonza makope, wina watentha thupi, wina wang'amba yunifomu. Tsiku lathunthu loti ndikhale pansi ndi singano sindinalionepo. Koma mipata inalipo, timipata tating'onoting'ono timene anthu ambiri sationa. Pamzere wa kuchigayo. Pabenchi ya kusikelo podikira kuti aitane dzina la mphwako. Usiku nonse mutagona, koloboyi ali patebulo, bambo ako akumvera wailesi. Zoluka zanga zinkakhala m'kathumba kansalu, ndipo kathumbako sikankandisiya. Mizere iwiri lero, itatu mawa, pang'onopang'ono ndi mtolo. Tsiku lina ndinkangoona mkono wa juzi watha, ndipo m'mawa mwake mkonowo unali ulipobe, palibe anaudya kapena kuudetsa.

Chinanso, manja akamabwereza chinthu chimodzimodzi, maganizo amakhala pansi. Ndikapsa mtima ndi zakusukulu, ndinkayamba ndatenga singano ndisanalankhule ndi aliyense wa inu. Pomatha mzere wachiwiri, mawu amene ndinkafuna kukalipa anali atazizira. Ana anga munapulumuka zambiri chifukwa cha ulusi.

Anandiphunzitsa ndi agogo ako, kenako kusukulu, chifukwa nthawi ya a Kamuzu atsikana tinkaphunzira zosoka ndi zoluka m'kalasi. Singano zanga zoyamba zinali masipoko a njinga. Amalume ako anawadula, n'kuwanola pamwala mpaka nsonga inasalala. Ulusi wa m'sitolo unali wa anthu a ndalama, ndipo ngakhale lero sunatsike, makamaka chichitikireni kugwa kwa kwacha mu November 2023, poti wambiri umachokera kunja. Choncho ndikuuze njira imene inativeka tonse.

Ukapita pakaunjika ku Limbe kapena ku Ndirande, funa juzi lalikulu la munthu wamkulu, ngakhale likhale lobooka pachigongono. Usayang'ane kukongola, litembenuze uone msoko wa mkati. Ngati zidutswa zake anazilumikiza ndi ulusi bwinobwino, m'mphepete muli mosadulidwa, gula. Koma ngati m'mphepete anachita kudula n'kumenya makina, lisiye, chifukwa ukamasula umangotola tizidutswa tautali ngati mkono. Kunyumba uyambe wachotsa kolala ndi mikono, kenako upeze nsonga kumtunda kumapewa, uzikoka ukukulunga kumsana kwa mpando. Ulusi womasula umatuluka wopotanapotana. Umange ulusi wokulungawo malo angapo kuti usasokonezeke, uuviike m'madzi ofunda a sopo pang'ono, uutsukuluze, uukoleke pamthunzi utamangirira kabotolo kamadzi kumunsi kwake. Ukauma umawongoka, n'kukhala ngati watsopano. Juzi limodzi la bambo limatulutsa kajuzi ka mwana, chipewa, masokosi, ulusi wina n'kutsalako.

Usayambe ndi juzi. Yamba ndi chipewa, chifukwa chimatha msanga ndipo mtima umalimba ukaona chinthu chatha. Uyeze mutu wa mwana ndi kachingwe pamwamba pa makutu. Kumunsi uluke masitichi awiri akutsogolo, awiri akumbuyo, mosinthanasinthana choncho, kuti chizitamuka mwana akamakula ndipo chisamfinye paliwombo. Ukafika kumtunda uzichepetsa pang'onopang'ono mpaka atatsala ochepa, upyoze ulusi, ukoke, umangire mkati. Ukaona kuti sitichi yagwa mizere ingapo m'munsi, usamasule zonse. Itole ndi kasingano kopindika kunsonga kokowera ulusi, uikweze mzere ndi mzere mpaka ifike pasingano. Ndipo usakoke ulusi mwamphamvu. Oyamba kumene onse amamangitsa, mapeto ake singano imakana kulowa, zala n'kumapweteka. Manja akhale omasuka.

Pa zovala za khanda usaike mabatani ang'onoang'ono, mikanda kapena zingwe zazitali za pakhosi, ngakhale zimakongoletsa. Mwana chilichonse amapititsa kukamwa. Singano nazo uzizibaya mumpukutu wa ulusi n'kukweza pamwamba pa kabati, osazisiya pamphasa kapena pabedi. Ulusi wambiri wa masiku ano ndi wa pulasitiki, ukayandikira moto umasungunuka n'kumatirira pakhungu, choncho mwana wovala zoluka asayandikire mbaula. Za mbaulazo ndinene ndithu: chiperoni chikavuta bwanji, musagone ndi makala oyaka m'nyumba yotseka. Mpweya wake sununkha, koma wapha mabanja athunthu ali m'tulo. Pochapa, madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, osapota, kungofinya ndi thaulo n'kuyala pamalo osalala m'nyumba. Ukakoleka pachingwe juzi limatalika mpaka mikono kufika m'mawondo. Matewera ndi tizovala tina uzisita ndithu chifukwa cha mphutsi, koma simbi yotentha pazoluka ayi.

Kachipewa si chokongoletsa chabe kwa mwana wonga wakoyu. Mwana wobadwa masiku osakwana alibe mafuta ambiri m'thupi, ndipo mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndiye amazizidwa msanga. N'chifukwa chake anakuphunzitsa kangaroo, kumuika pachifuwa khungu kukhungu atangovala thewera, chipewa ndi masokosi, iwe n'kumanga chitenje. Amayi a chigwirizano titapita kukapereka tizipewa kuchipatala, namwino wina anatifotokozera kuti njirayi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, kumene makina ofunditsira ana ankachepa, ndipo kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Lipoti la 2012 linasonyeza kuti Malawi ndiye anali patsogolo dziko lonse lapansi, ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane. Ndiye usadziimbe mlandu ngati kuti unalakwitsa penapake, muli ambiri. Pitiriza kangarooyo mpaka a chipatala atanena kuti zakwana, ndipo akamwini nawonso ali ndi chifuwa, azikulandira kuti usambe ndi kugonako. Koma kukatentha, kapena ukaona thukuta m'khosi mwake, mvule chipewacho. Kufunditsa mopyola nakonso n'kosayenera.

Zina ukuzidziwa kale, ndingokukumbutsa. Bere lokha mpaka miyezi 6, osampatsa madzi kapena phala lamadzimadzi ngakhale wina anene kuti mwana akulira njala. Masiku a katemera amene analemba m'buku la kusikelo usadumphe. Neti usiku uliwonse. Akakana kuyamwa, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mothamanga, nyamuka nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, usadikire kuti uyambe wandiimbira.

Tsopano za iwe mwini, chifukwa aliyense wobwera pakhomo akufunsa za mwana, za mayi ake palibe akufunsa. Ukapeza kanthawi mwana atagona, n'kusankha kukhala pansi ndi ulusi mbale zili m'beseni, sunalakwe. Mbale zidikira. Ena adzanena kuti waulesi, ena adzati zoluka n'za agogo, mtsikana wophunzira ngati iwe zikukhudza bwanji. Asiye anene. Ndaona atsikana ambiri akapeza mpata amangogwira foni, kuyenda pa Facebook ndi pa WhatsApp kuona ana a anzawo atavala bwino, nyumba za anzawo zili phee, n'kudzuka pamenepo mtima utalemera kuposa poyamba. Sindikudana ndi foni, ndiponso mphwako anandionetsa pa YouTube kalukidwe kena kamene sindinkakadziwa ndipo ndakaphunzira ndili ndi imvi. Koma ola limene wathera poyang'ana za eni silikusiyira kanthu m'manja.

Ngati kuluka sikukukoma, sindikukakamiza. Mkulu wako sanakukonde n'komwe, iye mtima wake uli pa maluwa ndi ndiwo zamasamba zimene amadzala m'matumba kuseri kwa nyumba, ndipo ndimaona nkhope yake ikamasuka akamathirira. Chimene ndikufuna n'chakuti ukhale ndi kanthu kakokako, kamene sukuchitira bwana, sukuchitira mwamuna, ndiponso palibe adzakufunse kuti bwanji sikanathe. Iwe ndakutchulira zoluka chifukwa uli wamng'ono unkakhala pambali panga n'kumandigwirira ulusi m'manja awiri ine ndikukulunga, ndipo sunkatopa.

Anthu akadzaona mwana wavala bwino adzayamba kukuuza kuti uwalukire, ena adzati uyambe bizinesi. Uganize kaye. Ndalama ya zoluka ndikuidziwa kukoma kwake. Njala ya 2002 ija, malipiro atachedwa ndipo chimanga chikusowa, shawelo imene ndinalukira mphwako ndinaisinthanitsa ndi ndowa ya chimanga, tinadya. Majuzi a sukulu amene ndinkalukira ana a eni ndiwo ankagula makope anu ndi kundiikira masheya kubanki m'khonde. Koma ndinaonanso kuti chinthu ukachisandutsa ganyu chimasintha. Mwini wake akubwera m'mawa ndi madzulo kudzafunsa ngati latha, iwe ukuluka usiku maso akuwawa, pomaliza akuti ndidzakupatsani pakutha pa mwezi, mwezi wake osatha. Ukafuna kugulitsa, werengera ulusi ndi masiku ako omwe, ulandire ndalama ya ulusi usanayambe, ndipo usalandire ntchito ziwiri nthawi imodzi. Chaka chino chokha usagulitse chilichonse. Lukira mwana wako ndi iwe mwini.

Usalukenso wekha masiku onse. Kutchalitchi kwanuko kuli amayi a Mvano, ndipo sipalephera wina wodziwa singano. Pamene amayi akhala pamodzi manja ali pantchito, pakamwa pamamasuka, ndipo umamva kuti mwana wosagona usiku si wako yekha. Ine zambiri za kulera sindinaziphunzire m'buku, ndinazimva pamkeka tikuluka. Apongozi ako akadzipereka kuti akugwirire mwana, usakane poopa kuoneka wolephera. Mutu umodzi susenza denga.

Koma pali kutopa kwina kumene ulusi sungachize, ndipo apa undimvetsetse. Ngati papita masabata awiri kapena kuposerapo ukungolira osadziwa chifukwa, tulo osabwera ngakhale mwana wagona, chakudya osachifuna, mwanayo osamukondwerera, kapena maganizo oipa akukubwerera, limenelo ndi vuto limene limagwira amayi ambiri akabereka ndipo lili ndi chithandizo. Si ufiti, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Uwauze akamwini, undiuze ine, ndipo ukauze namwino kusikelo mosabisa.

Za kuntchito, lamulo limapatsa mayi tchuthi cha uchembere chosachepera masabata 8 akulandira malipiro ake onse, ndipo kuyambira 2021 abambo nawonso ali ndi masabata awiri. Popeza mwanayu anabwera msanga, upemphe kalata kwa adokotala, ukakambirane ndi akuntchito ngati angakuwonjezere masiku ako a tchuthi cha pachaka. Upite ukadali ndi nthawi, osati tsiku lobwerera litafika.

Mchimwene wako akubwera ku Blantyre Loweruka pa basi ya m'mawa. Ndamupatsira mbatata ya kachewere, nyemba, ufa wa soya woti uzimwa phala iweyo, singano ziwiri zonenepa bwino zosavuta kugwira, ndi mipukutu itatu ya ulusi wachikasu. Chipewa ndachiyamba kale, mizere ya kumunsi yovuta ija ndaluka, iwe ungopitiriza. Pobwerera umupatse kachingwe kamene wayezera chifuwa cha mwana ndi kena ka kutalika kwa mkono, kuti juzi limene ndili nalo pano ndisalipange lalikulu. Ine ndibwera tikangomaliza kutong'ola chimanga, ndipo uwauze akamwini kuti ndidzakhalitsa.

Ambuye akusungeni nonse atatu.

Ndine mayi ako.