Lipoti la msonkhano wa za mtima umene munandituma ku Blantyre

A Wapampando ndi anzanga nonse azaumoyo kuno ku Mangochi, ndabwerako bwino, ndipo zikomo pondituma. Nkhani zinali zambiri, koma imene ndabwera nayo ndi ya anthu amene amakhala miyezi 6 pa International Space Station, chombo chochitiramo kafukufuku chimene chimazungulira dziko lapansi, makilomita pafupifupi 400 kumwambaku.

Kumeneko thupi silimva kulemera, ndiye magazi amene kunoko amatsikira kumiyendo amakwera kumutu. Anationetsa zithunzi: nkhope zofufuma, miyendo yoonda ngati ya kakowa. Thupi limayesa kuti madzi achuluka n'kuyamba kuwataya, magazi n'kuchepa, mtima nawo n'kufooka poti ntchito yauchepera. Akatera pansi, ena amachita chizungulire akangoimirira, ena kukomoka kumene. N'chifukwa chake tsiku lililonse amatha maola 2 akupalasa njinga yosayenda, kukankha makina olimba ngati akunyamula zolemera ndi kuthamanga pamakina atadzimanga malamba kuti asayandame. Scott Kelly anakhalako masiku 340 mu 2015 ndi 2016, madokotala akumuyerekeza ndi mapasa mnzake Mark amene anatsala pansi pano.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi kayezedwe kake. M'chombomo nthawi zambiri mulibe dokotala wa mtima. Munthu amagwira yekha kachipangizo ka sikani, katswiri ali pansi pano akuonera pa kompyuta n'kumamuuza kuti tsitsani pang'ono, pendeketsani kumanzere, imani pomwepo. Ndi sikani yomweyo anapeza magazi ataundana mumtsempha wa m'khosi mwa mmodzi wa iwo, n'kuyamba kumupatsa mankhwala ali komweko. Pamenepo ine ndinakumbukira mayi wina wa ku Makanjira amene anatipeza miyendo itatupa, akupuma mobanika, atagwedezeka ulendo wonse pagalimoto kuti adzangounikidwa. Ngati katswiri angatsogolere dzanja la munthu ali m'mlengalenga, ndikukhulupirira kuti angatsogolerenso la namwino wa ku Makanjira kapena ku Namwera ali pa foni. Vuto la netiweki ndi magetsi ndikulidziwa, sindikulipeputsa.

China tingayambe mawa lomwe popanda ndalama. Wodwala amene wagona masabata angapo thupi lake limasintha mofanana ndi la anthu aja. Tisamudzutse mwadzidzidzi: ayambe wakhala m'mphepete mwa bedi, timuyeze BP ali chigonere, kenako ataimirira. Ndikupempha kuti nkhani ya sikaniyi tiiike poyamba tikakumana Loweruka.