Umuimbire mlongo wako

Chibavi, Mzuzu

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, kupatula mawondo a bambo ako amene sagwirizana ndi chisanu cha kuno. Kanema amene unatumiza pa WhatsApp, ukupereka umboni kutchalitchi kwanu ku Lilongwe, ndamuonera ndipo misozi inatsika. Mayi aliyense amene wagwadira mwana wake zaka zambiri amalakalaka kumva kuti wasiya mowa ndi kubetcha, wabwerera kwa Ambuye.

Koma mu umboni wonsewo mlongo wako sunamutchule. Unati unali mu mdima, unati Satana anakumanga. Mdima wake uti? Mlongo wako anakupatsa mpamba wake wonse kuti ukamuodere zitenje ku Tanzania, iwe n'kubwera ndi nkhani yoti anakubera pa chipata cha m'malire cha Songwe. Ndalamazo inali ngongole ya kubanki mkhonde. Tsiku limene amayi a gulu anabwera kudzanyamula matiresi ndi mapoto ake ine ndinalipo, ana ake ataima pakhonde akungoyang'ana. Benchi yake kumsika wa Taifa pano akugulitsirapo wina. Kumene ndalamazo zinapita tinakumva kwa anzako.

Ndikudziwa uyankha kuti zakale zapita, ndipo utsegula 1 Yohane 1:9. Sinditsutsa. Mulungu sagulitsa chikhululukiro, ndipo palibe ndalama imene ungabweze yoti ikugulire kumwamba. Komatu vesilo likunena za kuvomereza machimo athu, ndipo tchimo lako lili ndi dzina: unanama, unadya za mwini.

Uwerenge 1 Samueli 15. Sauli naye anati “ndachimwa”, koma pomwepo n'kuwonjeza kuti amaopa anthu, kenaka n'kupempha Samueli kuti amulemekezebe pamaso pa akuluakulu. Chimamuwawa chinali manyazi. Davide, amene anachita choopsa kwambiri, Natani atamuloza chala anangoti wachimwira Yehova, osatchula wina womuchimwitsa. Mu Salimo 32 akufotokoza kuti nthawi imene anakhala chete mafupa ake anakalamba ndi kubuula tsiku lonse. Iwe ukuzidziwa zimenezi. N'chifukwa chiyani foni ya mlongo wako suyankha? N'chifukwa chiyani pa Khirisimasi unapeza chifukwa chosabwerera? Munthu amene akulondera bodza sapemphera momasuka, amafika pena pake n'kukhota. Chili ngati chithupsa chophimba ndi malaya oyera: ungaimbe kwaya, ungatsogolere mapemphero a usiku, koma wina akangokhudza pamenepo udzalumpha. Sungakule mu uzimu uli ndi malo amene sulola Mulungu kapena munthu kufikapo.

Nkhani ngati yakoyi inalembedwa kalekale. Pa Levitiko 6, munthu amene wanamiza mnzake pa chinthu chimene anamusungitsa ankayenera kubweza chonse, kuwonjezapo limodzi la magawo asanu, ndiyeno n'kubwera ndi nsembe yake. Yesu sanafewetse zimenezi. Pa Mateyu 5:23-24 akuti ukakumbukira paguwa kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye mphatso yako pomwepo, uyambe wakayanjana naye. Zakeyu uja wa pa Luka 19 analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda, popanda womukakamiza. Ine sindikunena za kanayi ayi, malipiro ako ndikuwadziwa. Ngakhale pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi pa Airtel Money, bola adziwe kuti wayamba. Akuluakulu anati mlandu suwola.

Ndalama zibwere pambuyo, choyamba ndi pakamwa. Umuimbire, osati kulemba meseji. Usayambe ndi mawu aja oti “ngati ndinakulakwira”, chifukwa palibe “ngati” apa. Unene kuti pa Songwe palibe anakubera. Ndipo ulankhulenso ndi alamu ako, pakuti mpaka lero amaganiza kuti mkazi wawo anagawana nawe ndalamazo, ndipo banja lija linatsala pang'ono kutha chifukwa cha iwe. Abusa ako kapena mkulu wampingo mmodzi wokhwima maganizo umuuzenso, monga Yakobo 5:16 akunenera, kuti pakhale wokufunsa mwezi ukatha. Zoimirira kutsogolo kwa mpingo wonse ndi nkhani ya mlongo wako, zimenezo ayi, wachita kale manyazi okwanira.

Mwina akukalipira, mwina adula foni. Umulole. Usamuwerengere mavesi a kukhululuka, zimenezo ndi za iye ndi Mulungu wake, ndipo ine ndikulankhula naye mbali yanga.

Bambo ako sakudziwa kuti ndalemba kalatayi, koma akakufunsa usawabisire. Nambala ya mlongo wako sinasinthe. Masiku ano akuthandiza mnzake kugulitsa tomato, ndiye umuimbire madzulo akaweruka.

Ndine mayi ako.