Kalata kwa Mdzukulu Wanga: Sokosi Yako, Nyani ndi Funso Lako Lija

Mdzukulu wanga, mwamuna wanga wamng'ono,

Wadzuka bwanji ku Lilongweko? Ife kuno ku Zomba tili bwino, kungoti bondo langali silinaiwalebe phiri la Zomba limene tinakwera lija. Amayi ako akuwerengere kalatayi pang'onopang'ono, koma mawu amene ukuwadziwa uziwerenga wekha.

Dzulo pokutumula mabulangete amene tinafunda mutenti ndinapeza sokosi yako imodzi, yofiira ija. Inzake ili kuti? Agogo ako aamuna akuti inapita ndi nyani. Ine ndikuti ayi, nyani uja anatenga buledi basi. Ukukumbukira? Ndinangotembenuka kuti ndiphule ketulo pa mbaula, iye balamanthu kuchokera m'mitengo ya paini, buledi yense tsomphole, liwiro la mtondo wadooka. Iwe unatola mthiko kuti umuthamangitse, ine n'kukugwira malaya. Nyani wamphongo si wosewera naye, mano ake ndi aatali kuposa a galu. Tiyi wa tsiku lija tinamwera mbatata, ndipo amene anang'ung'udza ndi agogo ako okha.

Koma chimene ndakulembera ndi ngongole. Usiku woyamba uja, mano akugwedera ndi kuzizira, unandifunsa kuti, "Agogo, si tayandikira dzuwa? Nanga bwanji kukuzizira chonchi?" Ndinati gona, ndikuyankha mawa. Kutacha nyani anatisokoneza, ine n'kuiwala. Ndibweze lero.

Dzuwa lili kutali zedi, mwakuti kukwera phiri sikuliyandikira ayi. Zili ngati nyerere yakwera pa chulu n'kumati yayandikira mwezi. Chimene chimachitika n'chakuti dzuwa limayamba latenthetsa nthaka, kenako nthakayo ndiye imafunditsa mpweya umene uli pafupi nayo. Kunsi kuno mpweya ndi wochuluka, wothithikana ngati bulangete lochindikala. Pamwamba pa phiri ndi wopyapyala ngati chitenje chakutha, susunga kutentha. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tsono tauni yathuyi ili pa mamita osakwana 1,000, pamene nsonga ya phiri yotchedwa Malumbe yapitirira mamita 2,000. Uwonjezepo kuti unali mwezi wa Julaye, chiperoni chili m'kati. Chifunga chimene unkachigwira ndi manja m'mawa uja, n'kumati utsi wopanda moto, unali mtambo weniweni. Ukawauze anzako kusukulu kuti unayenda m'kati mwa mtambo. Akakana, udzabwere nawo.

Za kadzidzi amene analira pakati pa usiku, iwe n'kundigwira dzanja mpaka mbandakucha, sindinauze munthu. Amayi ako akafika pamenepa adumphe, asawerenge. Ngakhale achimwene ako aja, amene ankadzitama masana, ndinawamva akusunthira kufupi ndi agogo awo.

Chimene chinandisangalatsa ine ndi pa Emperor's View, pamene unafika ndi miyendo yako osaberekedwa. Malo aja anawatchula choncho chifukwa mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, inaimapo n'kumayang'ana dziko monga unachitira iwe. Madzi onyezimira patali amene unati ndi galasi ndi nyanja ya Chilwa, kumene kumachokera matemba amene umakonda aja. Chiphiri chachikulu chobiriwira mwa buluu chija ndi Mulanje, nsonga yake Sapitwa, mamita 3,002. Kumeneko usandiwerengere, udzapita ndi atate ako ukadzakula.

Ndipo damu la Mulunguzi, limene unafunsa ngati muli ng'ona, madzi ake ndi omwe aja umasamba ukabwera kwathu kuno. Amatsika ndi mapaipi mpaka pa mpopi wathu. N'chifukwa chake ndinakubweza kuti ukatole pepala la switi limene unataya m'mbali mwake. Unakwinya nkhope, koma unatola.

Malaya ako oyera aja ndachapa kawiri, madontho a sitiroberi akukana kuchoka. Mnyamata wogulitsa m'mbali mwa msewu uja anakuwonjezera zingati kodi? Pofika pa mathithi a Williams unali utafiira pakamwa ngati wadya nyama yaiwisi.

Agogo ako aamuna akupereka moni. Akusoka pamene tenti inang'ambika ndi mphepo, ngakhale kasokedwe kake ndikukayikira, mwina ndidzasokanso iwo atagona. Sokosi ndakusungira m'kabati, udzaitenga pa holide ya Disembala. Pakadali pano undijambulire nyani uja ndi buledi wake, amayi ako anditumizire pa WhatsApp. Usaiwale mchira.

Ndine mkazi wako wokalamba,
Agogo ako a ku Zomba