Chomwe chikuononga masewero a chikondi cha amuna okhaokha ndi malonda

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo ndemanga pa masewero a pa kanema osimba za chikondi cha mwamuna ndi mwamuna mnzake, omwe owaonera amangowatchula kuti BL, chidule cha mawu a Chingerezi oti Boys' Love. Sindikunena makatuni ayi, koma masewero ochitidwa ndi anthu enieni. Okamba za masewerowa ali pawiri: ena amawatamanda mopanda malire, ena amawanyoza asanaonereko n'gawo limodzi lomwe. Ine ndikuti zofooka zawo zazikulu sizichokera m'nkhani yomwe amasimba. Zimachokera m'kapangidwe ndi kagulitsidwe kawo.

Nkhani zamtunduwu zinayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1970, m'mabuku a nthano za zithunzi otchedwa manga omwe amayi ankalembera atsikana. Mpaka lero oonera ambiri ndi akazi, ndipo opanga masewero amadziwa bwino yemwe akumusangalatsa. Ku Thailand, Love Sick ya 2014 ndi SOTUS ya 2016 ndizo zinalambula njira. Kenaka mu 2020, anthu atabindikira m'nyumba chifukwa cha Covid-19, kampani ya ku Thailand ya GMMTV inkaika sewero la 2gether pa YouTube kwaulere, ndi mawu omasulira pansi, ndipo seweroli linafika kumaiko omwe masewero a ku Thailand anali asanafikeko.

Chabwino chawo choyamba n'chachikulu ndithu. Kwa zaka zambiri, mwamuna wokonda mwamuna mnzake akaoneka pa kanema ankakhala woseketsa anthu, wodwala, kapena womwalira sewero lisanathe. Masewerowa anasintha zimenezo. Anthu awiriwo ndiwo eni nkhani, amakumana, amakangana, amakhululukirana, ndipo pothera pake amakhala ali moyo komanso ali limodzi. Kwa mnyamata yemwe sanaonepo munthu wonga iye akukondedwa poyera, chimenechi si chinthu chochipeputsa.

Chachiwiri ndi kudekha. Sewero la ku Thailand nthawi zambiri limakhala ndi magawo 10 mpaka 14, lililonse la mphindi pafupifupi 45, choncho pamakhala mpata woti chikondi chikule pang'onopang'ono: kubana maso, kugundana dzanja mwangozi, uthenga wa pa foni wolembedwa n'kufufutidwanso. I Told Sunset About You, yojambulidwa ku Phuket m'dziko la Thailand mu 2020, ili ndi magawo 5 okha koma ataliatali, ndipo imalola kamera kukhala pankhope ya munthu kwa nthawi, popanda nyimbo yomuuza woonera kuti tsopano alire. Gameboys ya ku Philippines, ya chaka chomwecho, inajambulidwa anthu akuletsedwa kuyenda, moti mbali yaikulu ya nkhani imachitika anyamata awiri akuyankhulana pa foni moonana nkhope. Kusowa kwa ndalama ndi malo kunawakakamiza olemba kudalira mawu abwino, ndipo zinatheka.

Tsono vuto lili pa chomwe makampani ambiri akugulitsa. Sagulitsa sewero, amagulitsa anyamata awiri. Kampani imasankha ochita sewero awiri, imawaphunzitsira limodzi asanayambe kujambula kuti azolowerane, imalumikiza mayina awo kukhala dzina limodzi, kenaka imawatumiza ku misonkhano ya owakonda, ku makonsati ndi kukatsatsa malonda, ali awiriawiri. Ndalama zambiri zimachokera kumeneko. Sewero limasanduka chida chodziwitsira anthu za awiriwo, ndipo zotsatira zake zimaonekera m'nkhani momwemo. Woonera amadziwiratu gawo loyamba lisanathe kuti athera limodzi, chifukwa kuwalekanitsa n'kuononga malonda. Wolemba sangapatse mmodzi wa iwo khalidwe loipa kwenikweni, poopa kukwiyitsa omutsatira. Ndipo akapezeka kuti mmodzi ali ndi luso pomwe mnzake ndi wouma thupi, palibe chosintha: apitiriza limodzi sewero lachiwiri, lachitatu.

Kutsatsa malonda kumalowa mpaka m'kati mwa zochitika. Anthu ali pakati pa mkangano woti ubwenzi utha, mwadzidzidzi wina akutulutsa botolo la chakumwa, dzina lake litaloza ku kamera, n'kuyamba kuyamikira kukoma kwake. Mphindi imodzi yotere imapha zonse zomwe ochita sewero anamanga m'mphindi 10 zapitazo. Kugawa gawo limodzi m'zidutswa zinayi pa YouTube nakonso kuli ndi mtengo wake, chifukwa chidutswa chilichonse chimafuna chokoka anthu pothera pake, ngakhale pomwe nkhani imafunika kungoyenda phee.

Palinso vuto la kutalika. Ambiri mwa masewerowa amachokera m'mabuku ofalitsidwa pa intaneti, ndipo nkhani yake nthawi zambiri imatha awiriwo akangovomerezana, cha m'gawo la 7 kapena la 8. Koma mgwirizano ndi wa magawo 12. Chotsalacho amadzaza ndi kubwereza zithunzi zomwe taona kale, zibwenzi zina ziwiri kapena zitatu za anzawo zomwe sizifika kulikonse, ndi mkangano wochita kupeka. Oonera anafika poutcha tsoka la gawo 11: wina amva theka la zomwe mnzake akunena kuseri kwa chitseko, athawa osafunsa, kulekana, ndiye m'gawo lomaliza pakulembedwa kuti padutsa zaka ziwiri, n'kubwererana m'mphindi zisanu. Ku South Korea vuto n'losemphana ndi limeneli. Where Your Eyes Linger ya 2020 inali ndi magawo 8 a mphindi pafupifupi 10 lililonse, moti anthu amakondana woonera asanadziwe chomwe wina waona mwa mnzake. Semantic Error ya 2022 inachitako bwino chifukwa magawo ake 8 ndi otalikirapo, ndipo inakana kusenza nkhani zam'mbali.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya chilolezo. M'masewero ambiri, makamaka a zaka zoyambirira, mwamuna amapsompsona mnzake ali m'tulo kapena ataledzera, amamutsekereza pakhoma, amamulanda foni chifukwa cha nsanje, ndipo pansi pake pakulira nyimbo yokoma yosonyeza kuti ichi ndiye chikondi. TharnType ya 2019 inadzudzulidwa kwambiri pa chifukwa chomwechi. Gwero lake ndi chizolowezi cha m'mabuku akale aja chogawa awiriwo: wina wamtali, wamphamvu, wolondola, wina wamfupi, wamanyazi, yemwe "ayi" wake amatengedwa ngati "inde" wochedwa. Kukonza kwake sikufuna ndalama. Kumangofuna chiganizo chimodzi chofunsa, ndi kamera yodikira yankho. Bad Buddy ya 2021 inaonetsa kuti n'zotheka: anyamata awiriwo ndi ofanana mphamvu, ndipo amakana poyera kuti mmodzi atchedwe mwamuna, wina mkazi. Heartstopper ya ku Britain, ya 2022, imafunsa funsolo pafupifupi nthawi zonse, ndipo kukoma kwa nkhani sikuchepa.

Akazi nawo amalakwiridwa. Kawirikawiri mtsikana amangobwera kudzakhala chopinga: chibwenzi chakale chansanje, kapena gulu la atsikana okuwa ndi kujambula anyamatawo mobisa. Palinso mawu aja otchuka oti "sindikonda amuna, ndimangokonda iwe", omwe amalola sewero kugulitsa chikondi cha amuna awiri kwinaku likuzemba kuvomereza kuti anthu otere alipo.

Malondawa amavulazanso ochita sewero eniake. Owatsatira akaphunzitsidwa kukhulupirira kuti awiriwo ali pachibwenzi chenicheni, mmodzi akangooneka ndi mtsikana amatukwanidwa pa intaneti, iye ndi mtsikanayo. Si ku Asia kokha. Mu October 2022, Kit Connor wa mu Heartstopper, ali ndi zaka 18, analengeza kuti amakonda amuna ndi akazi omwe, ndipo ananena yekha kuti anthu anachita kumukakamiza kuulula. Kampani yomwe imapindula ndi chidwi chotere ili ndi udindo woteteza anyamatawa, osangokhala chete chifukwa phokoso likugulitsa matikiti.

Ku China chopinga ndi boma. Addicted inachotsedwa pa intaneti mu February 2016 isanathe kuonetsedwa, ndipo masewero otsatira, monga The Untamed ya 2019 ya magawo 50, anasandutsa okondanawo kukhala mabwenzi a pamtima. Luso la kuyankhula ndi maso linakula zedi kumeneko, koma sitingatche chiletso kuti ubwino.

Masewero abwino koposa ndi omwe anatuluka m'bwalo la yunivesite, momwe nkhani zambiri zotere zimachitikira. What Did You Eat Yesterday? ya ku Japan, ya 2019, imasimba za loya ndi wometa tsitsi a zaka za m'ma 40: ndalama ya chakudya cha pamwezi, makolo okalamba omwe akuyesetsa kumvetsa koma akulephera, ndi funso loti kuntchito auze ndani. Moonlight Chicken ya ku Thailand, ya 2023, ili ndi mwini kalesitilanti mumzinda wa Pattaya yemwe akulimbana ndi lendi komanso kulera mwana wa mlongo wake, ndi mnyamata wosamva yemwe makolo ake amamusunga m'nyumba. Taiwan inavomereza ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha mu May 2019, ndipo ku Thailand lamulo lotere linayamba kugwira ntchito pa 23 January 2025. Kumeneko olemba ali ndi nkhani zatsopano zoti asimbe: chuma cha m'banja, kulera ana, kudwazika mnzako m'chipatala, ngakhale kutha kwa ukwati. Nkhani zimenezi zimafuna ochita sewero a zaka 40 ndi 50, osankhidwa chifukwa akuyenera mbaliyo, ndipo kampani yomwe ndalama zake zili mwa anyamata awiri a zaka 22 siingazijambule isanasinthe kapezedwe kake ka ndalama.