Mfumukazi ya ku Korea yandikumbutsa mng'ono wanga

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za amuna oti akangolemera akuchikazi amasanduka adani. Mwana wanga anandiwerengera pa foni mbiri ya mfumukazi ina ya ku Korea dzina lake Wongyeong, mpaka lero ikundiwawabe mumtima.

Mayiyu anabadwa mu 1365 kubanja la a Min, bambo ake a Min Je anali nduna yophunzira bwino. Mu 1382 anakwatiwa ndi Yi Bang-won ufumu wa ku Korea wotchedwa Joseon usanayambe n'komwe, mwamunayo ali chabe mwana wa mkulu wa asilikali amene anadzakhala mfumu yoyamba ya ufumuwo. Mu 1398 ana a mfumu atayamba kulimbirana mpando ndi mkaziyu amene anabisa zida n'kudzazitulutsa tsiku la nkhondo, alongo ake awiri Min Mu-gu ndi Min Mu-jil anamenya nawo mbali ya mlamu wawo, ndiye mu 1400 bamboyo anakhala Mfumu Taejong.

Malipiro ake? Anadzaza nyumba ndi akazi ena. Alamu aja anawapirikitsira kutali, mu 1410 n'kuwalamula kuti adziphe okha, mu 1416 ang'ono awo awiri otsalawo chimodzimodzi. Alongo folo, onse kutha iye ali mfumukazi m'nyumba momwemo! Eti mfumu inkaopa kuti mwana wolowa ufumu, Yangnyeong, amene anakulira kwawo kwa amayi ake, adzamvera amalume kuposa bambo. Ife kuno ku Dedza tikudziwa kuti malume ndi mwini mbumba, ndiye nkhanza imeneyi ine yandilowa mpaka m'mafupa.

Mng'ono wanga anali kudzuka 3 koloko m'bandakucha chisanu cha Juni chikuluma, kukweza matumba a kachewere kupita nawo ku Lizulu, zala zochita kung'aluka, ndalama yonse kupereka kwa mwamuna kuti agule minibasi. Dimba lomwe ankalimalo anawapatsa ndi achimwene athu, alamu anga anabwera pa chikamwini ndi kachikwama kamodzi basi. Pano maminibasi alipo atatu, anasamukira kutauni, achimwene akapita kukaona ana amawabweza pageti ati mukufuna kundilanda chuma. Mng'ono wangayo angokhala chete chifukwa cha ana, wawonda zedi.

Anthu amatama Mfumu Sejong, uja anakonza zilembo za Hangul mu 1443 zomwe Akorea akulembera mpaka lero, koma ndi angati amadziwa kuti ndi mwana wa mayi ameneyu? Analowa ufumu mu 1418 m'malo mwa mkulu wake Yangnyeong bambo awo akadali moyo, amayi ake n'kumwalira mu 1420 alibe mlongo ndi mmodzi yemwe wowalira. Manda awo ali ku Heonneung mu Seoul, ndipo Taejong atamwalira mu 1422 anamuika pambali pawo pomwepo.

Chonde akonzi tumizani mtolankhani ku Bembeke kuno adzacheze ndi amayi a madimba, nkhani ngati ya mng'ono wanga zilipo zambiri ndipo ine ndikamuperekeza khomo ndi khomo.

Wowerenga wanu,
Bembeke, Dedza