Kwa mdzukulu wanga wofuna kukhala nduna

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Zaka 8 zakwana lero! Kodi dzino linkagwedera lija linachoka?

Kuno ku Chipata mvula yayamba. Lachiwiri inagwa usiku wonse, kutacha inswa zili mbwee pansi pa mango paja. Nkhuku yako yamawanga inazithamangira mpaka kuterereka m'matope, n'kudzuka, n'kuyambanso, anapiye asanu akulira pambuyo pake. Kamodzi kanagwera m'chithaphwi. Tinakapukuta ndi kansanza, n'kukaika m'dengu pafupi ndi mbaula mpaka nthenga zinauma. Kali bwino, usadandaule.

Amai ako akuti ukufunsa ngati mphunzitsi angakhale nduna ya boma. Angakhale ndithu. A John Mwanakatwe ankaphunzitsa ku Munali, ku Lusaka, kenako anakhala ahedi a sekondale ku Kasama. Dziko litalandira ufulu mu 1964, a Kaunda, amenenso anagwirapo choko, anawaika kukhala nduna yoyamba ya maphunziro. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, iwo ali pampandopo. Ine ndimati anasankha bwino, chifukwa wodziwa kalasi yopanda mabuku saiwala ana.

Njira yake nayi, mvetsera. Uyambe wakhoza mayeso omaliza a sekondale, pakuti popanda satifiketi ya Giredi 12 kapena yofanana nayo ngakhale uphungu salola. Ukatero upite ku koleji ya aphunzitsi, ilipo konkuno ku Chipata, zaka zitatu, ulandire dipuloma, ulembetse ku bungwe loona za aphunzitsi. Unduna safunsira ngati ntchito ai. Pulezidenti amasankha nduna pakati pa aphungu a Nyumba ya Malamulo, ndiye njira yodziwika ndi kuima pa masankho, amene amachitika zaka 5 zilizonse, utakwanitsa zaka 21. Povuta ndi apa: mphunzitsi wa boma amayamba wasiya ntchito asanaime. Mavoti akapanda kukwana, malipiro aja apita, mpando palibe. N'chifukwa chake anzeru sathamanga, amayamba adziwika ndi ntchito yao.

Koma zonsezo n'zamtsogolo, mwanawe. Nanga samu zikuyenda? Aphunzitsi ako dzina lao ndani? Mabuku uzikulunga m'pepala la pulasitiki asanyowe, ndipo kamtsinje ka panjira ya kusukulu kakadzaza usawoloke wekha, dikira akuluakulu. Zimenezi zimandisowetsa tulo.

Inswa ndakazinga, ndayanika, ndakusungira m'botolo. Ubwera liti?

Ndine,
Ambuye ako